Chotsekera cha M'bokosi Lachinayi

Patatha miyezi itatu chibwerereni, Mtchona anali atamaliza kunyoza zonse zimene munthu anganyoze. Ananyoza msewu wa kutsogolo kwa nyumba. Ananyoza mpopi wa kubafa, umene unkatsokomola ngati nkhalamba koma osatulutsa madzi. Ananyoza nyumba ya kanema ya ubwana wake, imene tsopano inali tchalitchi cha masipika asanu ndi atatu, ndiponso laibulale imene anaphunziriramo kukonda mabuku, momwe tsopano ankagulitsiramo matayala akale. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anakhala kunja akulota mzinda umenewu, ndipo atabwera anapeza kuti mzindawo sunamudikire ngakhale pang'ono. Unangopitiriza kukalamba wokha, osamufunsa maganizo.

Dzina lake lenileni linatsala m'pasipoti. Kuyambira tsiku limene anatsika basi ndi masutikesi awiri, ina ya zovala, ina ya mabuku ndi mita yake yachikasu yoyezera magetsi, aliyense ankangoti Mtchona. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mkulu wake, amene anali woyang'anira amagetsi pa fakitale ya sopo, pomwe bambo awo anagwiranso ntchito mpaka kupuma. Mkulu wakeyo anthu onse ankamutchula kuti a Folomani, ngakhale akazi awo amene. Abale awiriwa ankacheza za mvula, za mpira ndi za mtengo wa mababu. Nkhani imodzi ankailambalala ngati dzenje la mumsewu: bambo atamwalira, Mtchona sanabwere. Anatumiza uthenga wa mizere itatu, ndi maluwa amene anafika anthu atabalalika kale.

Lachitatu m'mawa mlamu wake anagogoda pakachipindako atanyamula kabokosi ka chakudya.

"Alamu, mabukuwo sathawa. Tengani aka mukapereke kufakitale."

Mtchona anati achimwene saiwala chakudya, akhoza kuiwala nsapato koma osati chakudya. Mlamuyo anayankha kuti nzoona, sanaiwale, anachita kuwabisira iyeyo. Kenaka anakhala pa sutikesi ya mabuku osapempha n'kufotokoza. Layini yachitatu ya kufakitale, imene imadula, kudinda ndi kukulunga sopo, inkangoima yokha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi itatu zili choncho. Manijala watsopano, mayi wosaseka ndi amagetsi, anali atalemba kalata: ikafika Lachisanu masana layini ikadali ndi matenda ake, a Folomani apume pantchito, abwere ena. Ndipo nyumba imene onse ankakhalamoyi inali ya fakitale.

"Kuphatikizapo kachipinda kano, alamu, komwe mumanyozeramo dziko."

Mtchona anafunsa ngati achimwene anapempha thandizo lake. Mlamuyo anamuyang'ana ngati wafunsa ngati nkhuku ili ndi mano, n'kumuikira kabokosiko pamiyendo. Anati iye sadziwa kuti kunjako ankagwira ntchito yanji kwenikweni, koma anamva kuti inali ya mawaya olankhulitsa makina, ndipo ngati zinali zoona, lero linali tsiku loti mawayawo alipire madzi osamba.

Fakitale inkanunkhabe monga kale, fungo la mafuta ophika ndi maluwa abodza. Mtchona anaima pageti mtima ukumupweteka mopusa, chifukwa ali mwana ankabwera pageti lomweli ndi kabokosi ngati komweka. Anapeza chonyoza msangamsanga kuti mtimawo ukhale pansi: mtengo wamthunzi wa pagetipo anali ataudula n'kuikapo chikwangwani cholimbikitsa anthu kubzala mitengo.

A Folomani anamulandira pakhomo la wekishopu ndi nkhope ya munthu amene wabweretseredwa ndodo asanatsimphine. Analandira chakudya, n'kunena kuti zikomo, msewu wobwerera ndi womwewo. Koma nthawi yomweyo belu linalira mkati, lamba wonyamula sopo anaima, ndipo amayi okulunga anaimika manja m'mwamba onse pamodzi ngati kwaya. A Folomani anathamangira komweko. Mtchona anatsatira, ndipo palibe anamuletsa.

Amene anamufotokozera zonse anali Chisoti, wachiwiri kwa a Folomani, munthu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri pafakitalepo, amene sankavula chisoti chake cholimba ngakhale kuchimbudzi, chifukwa cha dazi limene aliyense ankalidziwa koma palibe analiona. Chisoti anati ayesa zonse. Anasintha khadi la m'kompyuta yaikulu yolamulira layini. Anathamangitsa wowotcherera zitsulo kuti azikagwira kuseri kwa mpanda. Analetsa mafoni, mpaka amayi okulunga anakwiya sabata yathunthu. Manijala wakale anabweretsa ngakhale m'busa, amene anadzoza kabati ya kompyuta mafuta. Zitseko za kabatiyo zinasiyadi kulira, koma layini inapitiriza kuima.

Mtchona anayenda ndi waya wotuwa kuchokera m'kabati, kudutsa bokosi ndi bokosi, makina ndi makina, mpaka bokosi la khumi ndi chiwiri pa makina okulunga amene anawonjezedwa miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Unali waya umodzi wokha wonyamula mauthenga onse: kompyuta imaitana makina, makina n'kuyankha, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Yankho likachedwa kapena likafika lopindika, kompyuta imakwiya n'kuimitsa zonse. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa nthawi ya nkhomaliro, magetsi a layini akazimitsidwa, amulole ayeze.

A Folomani anati ayeze, kuyeza sikuluma.

Anagunditsa nsonga ziwiri za mita pa timawaya tiwiri topotana ta mkati mwa waya wotuwayo, koyera ndi kabuluu. Mita inalemba makumi atatu.

"Payenera kutuluka makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Osapitirira, osachepera. Muli ndi zotsekera zingati pa layini imeneyi?"

Chisoti anayankha monyada kuti zokwanira.

Chotsekera ndi kanthu kakang'ono ngati nyemba, ka miyendo iwiri ya waya, kamene ena amati rezisita. Amakalumikiza pakati pa timawaya tiwiri tija. Atatsegula mabokosi onse, Mtchona anapeza zisanu: china m'kabati, pamene waya amayambira, china m'bokosi lachinayi, china lachisanu ndi chiwiri, china lachisanu ndi chinayi, ndi china m'bokosi lomaliza. Chilichonse chinali ndi kadontho ka utoto pamsana. Ziwiri zoyambirira zinali ndi kofiira, chachitatu kachikasu, ziwiri zotsirizazo kobiriwira.

Apa Chisoti anatambasula chifuwa n'kumuphunzitsa mwambo wa wekishopu. Pano, anati, waya sasiyidwa pakamwa pali yasa. Ndi mmene anaphunzitsira malemu bambo a abale awiriwa. Aliyense wotalikitsa layini amaika chotsekera kumapeto kwatsopanoko ndi kudonthezapo utoto wake, kuti mawa zidzadziwike kuti anagwira ndani. Wofiira unali wa malemu, wachikasu wa iyeyo, wobiriwira wa a Folomani. Ndipo chimene mnzako anaika sugwira. Malemu omwewo, tsiku limene layini inatalikitsidwa koyamba, sanachotse chawo cha m'bokosi lachinayi, ngakhale bokosilo linali litasiya kukhala lomaliza. Nanga iwo anali ndani kuti azichotsa?

Mtchona anakhala pa chigubu cha mafuta. Kunja kuja anaonako zopusa za mitundu yonse, zopusa zodula, zopusa za anthu a madigiri, koma anali asanaonepo anthu akumanga manda m'kati mwa waya.

Anayesa kufotokoza mofatsa, ngakhale kufatsa sinali mphatso yake. Anati wayayu amuone ngati khonde lalitali lopanda mazenera, momwe munthu akufuula dzina la mnzake. Khondelo likakhala lopanda kanthu, mawu amagunda khoma la kumapeto n'kubwerera, n'kusakanikirana ndi mawu otsatira, mpaka woitanidwayo osadziwa ngati aitanidwa kamodzi kapena katatu. Ndiye umaimika matiresi amodzi kumapeto kuno, ena kumapeto uko, kuti amwe mawuwo asabwerere. Bambo ananena zoona pamenepo. Koma ukamaimika matiresi paliponse pamene khonde linkathera kale, mawu amafika kutali atatha mphamvu, ngati pempho la mpongozi. Zotsekera zimafunika ziwiri zokha, kumutu ndi kumchira. Zapakati zitatu zichoke: cha Chisoti, cha a Folomani cha m'bokosi lachisanu ndi chinayi, ndi chofiira cha m'bokosi lachinayi.

Chisoti anagwira chisoti chake ndi manja awiri. A Folomani, amene ankangotafuna nthawi yonseyi, anatseka kabokosi ka chakudya.

"Cha bambo sichigwidwa."

"Achimwene, ndi kawaya ka miyendo iwiri. Bambo anali wamagetsi, sanali mneneri."

Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma lilime lake linali litakhala miyezi itatu likuchita masewera olimbitsa thupi. Anawonjezera kuti ndiwo matenda a mzinda wonsewu: amagwetsa laibulale osaphethira, koma kachinyalala kopaka utoto amakagwadira. Anati mwina aziyatsanso kandulo m'bokosimo.

A Folomani sanakweze mawu. Anaimirira, n'kupukuta manja pa ovolosi pang'onopang'ono.

"Iwe za bambo ukudziwapo chiyani? Chaka chomaliza chija amene ankawanyamula kupita kubafa ndine. Iwe unatumiza mizere itatu. Ndinaiwerenga, inali yolembedwa bwino." Anatembenukira kwa Chisoti. "Tsekani mabokosi, nthawi yakwana."

Magetsi anayatsidwa, lamba anayenda, ndipo Mtchona asanafike pageti belu linaliranso.

Anabwerera wapansi, kudutsa pa matayala akale ndi pa tchalitchi cha masipika, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapeze mawu onyozera. Ankangowerengera m'mutu. Ziwiri zimapereka makumi asanu ndi limodzi. Zitatu zimapereka makumi anayi. Makumi anayi si bwino, koma waya akhoza kupirira, makamaka ngati kumchira kwamangidwa mwaukhondo, chifukwa zimene anaona m'bokosi lomaliza zinali zomvetsa chisoni pazokha. Mwina layini ikanafika Lachisanu ikutsimphina osagwa. Mwina ayi. Kunja kuja munthu akanamuuza zoti asiye chotsekera pakati pa layini chifukwa cha chikondi, akanamuseka mpaka kutsamwa. Koma kunja kuja kunalibe amene ananyamulapo bambo ake kupita nawo kubafa.

Madzulo a tsikulo abale awiriwa anadya moyang'anizana, akukambirana za mvula imene sinagwe. Mlamu anawayang'ana onse awiri, n'kunena kuti wayamba kufunsa mitengo ya makatoni osamukira.

Lachinayi Mtchona sanadikire kutumidwa. Anatenga yekha kabokosi ka chakudya, ndipo atafika kuwekishopu anachita chinthu chimene anali asanachite chibwerereni: anapepesa. Anapepesa moipa, maso ali pa shelefu ya mafyuzi, ngati munthu wowerenga chilankhulo chimene anaphunzira kalekale n'kuiwala. Kenaka anati cha bambo chikhale. Iye akungopempha ziwiri zinazo, ndiponso kuti amangenso bokosi lomaliza.

A Folomani anayang'ana wotchi, anayang'ana kalata ya manijala imene inatulukira m'thumba la pamtima, n'kunena kuti chobiriwira achotsa okha, safuna manja a kunja pa ntchito yawo. Chisoti anakana kwa mphindi khumi. Anati chachikasucho chinali ntchito yake yoyamba pafakitale, anachiika ali ndi tsitsi. Anagonja a Folomani atamulonjeza kuti akhoza kupita nacho kunyumba.

Magetsi atazimitsidwa anali ndi ola limodzi. Mtchona anagwada pa bokosi lomaliza, ndipo manja ake anakumbukira zimene mtima wake unkayesa kuti zinapita ndi zaka. Amene anamanga poyamba anali atasenda chikopa cha waya utali wa dzanja lonse, n'kumasula timawaya topotana tija kuti tigone mowongoka, tioneke bwino. Ukonde wa chitsulo umene umakuta timawayato, wotchinga phokoso la magetsi ochokera ku mamota, anali ataupota ngati mchira wa khoswe n'kuukulunga tepi yakuda, osaulumikiza paliponse. Mtchona anadula zonsezo. Anasenda pang'ono chabe, osapitirira chala, mpeni osakanda zamkati. Anasiya timawaya tili topotana mpaka pakamwa penipeni pa masikuluwu, chifukwa kupotanako si kukongoletsa, ndiko kumateteza uthenga. Nsonga iliyonse anaiveka kachubu kachitsulo n'kukafinya, kuti tingwe ta mkuwa tisamwazike. Ukonde anaupinda m'mbuyo n'kuugwiritsa ndi kalampu mozungulira monse, chitsulo kukhudza chitsulo. Anabwezerapo chotsekera chobiriwira, miyendo yake itafupikitsidwa, anamanga masikuluwu, n'kukoka kawaya kalikonse pang'ono ngati akufunsa ngati kakutsimikiza.

Atadzutsa mutu anapeza a Folomani ataima kumbuyo kwake, chotsekera chawo chili m'dzanja. Anali akuonerera. Anati bambo nawonso ankakoka choncho. Mtchona anati akudziwa, anamuphunzitsa pa pulagi ya wailesi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi khofi pamutu. A Folomani anati iwo analandira makofi awiri, pulagi yomweyo.

Anabwerera kukabati. Mtchona anawachenjeza kuti asayembekeze zodabwitsa, patuluka makumi anayi, chifukwa zatsala zitatu. Anagunditsa nsonga za mita.

Makumi asanu ndi limodzi.

Anachotsa nsonga, anazipukuta, anagunditsanso. Makumi asanu ndi limodzi. Chisoti anati mita za kunja zimanama zikamva kutentha, n'kubweretsa yake yomangidwa ndi labala. Nayo inanena chimodzimodzi. Chisoti anayamba kunena kuti mwina mafuta a m'busa aja angochedwa kugwira ntchito, koma Mtchona sankamumva. Anali akudzitukwana chamumtima. Dzulo anawerenga zotsekera zisanu, ndipo zisanu zimapereka makumi awiri ndi mphambu zinayi, osati makumi atatu. Makumi atatu amatuluka zotsekera zikakhala zinayi. Nambala inamuuza dzulo lomwelo kuti chimodzi sichikugwira ntchito, koma iye anali wotanganidwa ndi kukhala wanzeru.

"Achimwene, ndikupempha kungoyang'ana m'bokosi lachinayi. Sindigwira ndi chitsulo. Tochi mugwire inuyo."

Bokosi lachinayi linali pansi penipeni, kuseri kwa mwendo wa makina odula, pamalo oti munthu agone chammimba. Anagona onse awiri pa simenti yoterera ndi sopo, amuna a imvi, mapewa atagundana. Chotsekera chofiira chinali pomwepo, chitakutidwa ndi fumbi loyera la zaka makumi awiri. Miyendo yake sinamangidwe ndi sikuluwu ngati zinazo. Bambo anachita kuiwotcherera ndi mtovu, monga ankachitira ndi chilichonse chimene sichinawathawe. Mtchona anauzira fumbi, anatenga kamtengo ka machesi m'thumba la mkulu wake, n'kukankha pang'ono mwendo wa kumbuyo.

Mwendowo unasuntha. Unali wodulidwa, osati wothyoka kapena wodyeka ndi dzimbiri, koma wodulidwa bwinobwino ndi pulayala yakuthwa, kampata kake kongokwana tsitsi, kobisika kuseri kwa thupi la chotsekeracho.

A Folomani analankhula ngati akuwerenga zolembedwa patali. Anati akulikumbuka tsikulo. Chinali chaka chomaliza cha bambo pantchito, mawondo atayamba kale kuwavuta. Chisoti anali uko kubokosi lachisanu ndi chiwiri akudontheza utoto wake. Bambo anagona pompano, akubuula, n'kutuma a Folomaniwo kusitolo ya fakitale kukatenga tepi. Pobwera anapeza akutseka bokosi. Anasuzumira, anaona chofiira chili pamalo pake, ndipo madzulo ake anauza wekishopu yonse kuti mwaona, mdala sachotsa.

"Tepiyo anaigwiritsa ntchito?" anafunsa Mtchona.

"Ayi. Anaiika m'thumba n'kupita nayo kunyumba."

Mtchona anayesetsa kuti asaseke. Analuma mlomo, anayang'ana kumbali. Koma phewa la mkulu wake linayamba kugwedezeka poyamba. A Folomani anati mdala uja, kuti asayatse chowotcherera, kuti asagone pansi mphindi zina zisanu, anangoti tswi, n'kutseka, n'kukadya. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anthu akulambira ulesi wa mawondo. Anaseka mpaka tochi inagubuduzika kulowa pansi pa makina, ndipo Mtchona anaseka nawo, misozi ikutsikira m'fumbi la sopo, osadziwa bwino kuti misoziyo ndi ya gawo liti la nkhaniyi. Chisoti anawerama n'kufunsa ngati wina wagwidwa ndi magetsi. Atamuuza, anavula chisoti, anakanda dazi pamaso pa anthu, n'kuchivalanso asanazindikire chimene wachita.

Chotsekera chofiira anachisiya momwemo. Sichinkalakwira munthu.

Magetsi anayatsidwa nthawi ya wani koloko. Lamba anayenda. Anayenda mpaka fayifi, ndipo amayi okulunga anayamba kudandaula kuti manja akuwawa, chifukwa anali atazolowera kupuma kasanu patsiku mwaulere. Lachisanu m'mawa anayendanso. A Folomani ankangozungulira pafupi ndi belu ngati munthu woyembekezera kuti galu wa eni ake auwe, koma belu linali duu.

Manijala anatsika ku ofesi itatsala pang'ono thwelofu, atanyamula pepala la nambala za sopo. Anali mayi wamfupi wa magalasi, woyenda ngati pansi pali ndi mlandu. Anati akuona kuti layini yatha maola khumi osaima, ndipo iye sakhulupirira zozizwitsa, makamaka zochitika tsiku lomaliza. Anafuna kudziwa chimene chinavuta ndi chimene chachitika, m'mawu oti munthu amve.

A Folomani anakonza kolala. Anati mayi, waya ameneyu mumuone ngati khonde lalitali lopanda mazenera. Anafotokoza za mawu obwerera. Anafotokoza za matiresi, awiri okha, kumutu ndi kumchira. Ananenanso za pempho la mpongozi, ndipo anaima pang'ono pamalo oyenera kuti anthu aseke, ngati fanizolo analipeka okha akumeta ndevu. Anavomera kuti wekishopu inali ndi chizolowezi cholakwika, kuti chinayamba ndi iwo, ndipo chatha dzulo. Anatulutsa mita ya Chisoti n'kunena kuti kuyambira tsopano aliyense wogwira wayayo aziyeza magetsi atazima, ndipo pakapanda kutuluka makumi asanu ndi limodzi asapite kunyumba.

Mtchona anaima pafupi ndi khoma, kabokosi ka chakudya kali m'manja. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'mafakitale a eni, m'nyengo yozizira yothyola zala, sanagwirepo ntchito yolemetsa ngati iyi yotseka pakamwa pamene wina akudya matiresi ake. Mawu anafika pakhosi katatu. Katatu konse anawameza.

Manijala anamuloza ndi cholembera n'kufunsa kuti nanga awa ndani, alibe chisoti, alibe baji.

"Mng'ono wanga, mayi," anatero a Folomani. "Amatibweretsera chakudya."

Manijala anayang'ana Mtchona, anayang'ana mita yachikasu imene inatulukira m'thumba la jekete lake, anayang'ananso a Folomani. Sanali wopusa. Anangoti wobweretsa chakudya azivala chisoti akalowa muno. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo a Folomani anatulutsa kalata ija m'thumba la pamtima n'kumupatsa. Anaipinda kawiri, anaiika pansi pa mapepala ake, n'kubwerera kumtunda osatsanzika.

Belu la nkhomaliro litalira, a Folomani anaitana mng'ono wawo kubokosi lomaliza. Mkati mwa chitseko chake anali atalemba ndi utoto wobiriwira, zilembo zopendekera: UKATALIKITSA WAYA, SAMUTSA ICHI. OSAWONJEZERA CHINA. Anati mwambo wina watha koma wina ulipobe. Amene wamanga bokosi amadonthezapo utoto wake, ndipo bokosi ili anamanga si iwo.

Mtchona anati iye si wa pano.

A Folomani anati zimenezo akauze a pasipoti. Chisoti anabwera ndi kachitini kamodzi kokha kamene kanatsala kusitolo kopanda mwini, ndipo anakatsegula ndi chisangalalo chosabisika. Unali utoto wa pinki, wotsala pa zimbudzi za amayi.

Mtchona anayang'ana m'kachitinimo. Mawu onyoza okwana ndime yathunthu anafola pa lilime lake, abwino kwambiri, okhudza sitolo, fakitale, mzinda ndi mbiri yonse ya anthu ake. Anatenga kamtengo ka machesi, anakaviika, n'kudontheza kadontho kamodzi pambali pa kobiriwira.

"Kakulako," anatero a Folomani. "Bambo ankaika kakang'ono."

Kenaka anatsegula kabokosi ka chakudya, anayang'anamo, n'kudandaula kuti akazi awo aika supuni ziwiri ngati kuti iwo ali ndi pakamwa pawiri.